Mutu Wachinayi: Msika Wozondoka

1. Ife tinkasankhidwa

Nabwanji anakhoza mayeso omaliza a ku pulayimale, koma chimwemwe cha pakhomo chinangokhala tsiku limodzi. Tsiku lachiwiri unabuka mkangano wa sukulu.

M'dera lawo munali sukulu ziwiri za sekondale, zonse za boma. Ina anthu ankaitcha Yakale, ina Yakumsika. Mwana aliyense wokhoza wa m'deralo ankaloledwa kupita kumene akwawo afuna, bola akalembetse dzina sabata isanathe.

Dzina lakuti Nabwanji linali lopatsidwa ndi anthu oyandikana nawo nyumba. Kuyambira ali wamng'ono, mtsikanayu sankameza yankho asanalitafune. Ukamuuza kuti mvula ikubwera, iye, “Bwanji?” Ukamuuza kuti khala chete, iye, “Bwanji?”

Amayi ake anali telala. Makina awo osokera ankakhala pakhonde, ndipo nkhani zonse zikuluzikulu za banjalo zinkakambidwa pamenepo, makina akulira. Amayiwo akafuna kuti mawu awo alowe m'khutu, ankachotsa phazi pachopondera.

Pakhondepo panalinso amalume ake a Nabwanji, mtchona amene anali atangobwera kumene. Anachoka ali mnyamata, mlongo wawoyo akukwawa, n'kubwera imvi zili mbuu, atanyamula zovala zochepa ndi mabuku ambiri. Chibwerereni, chilichonse chinkawalakwira. Misewu yafupika, tiyi sakoma, ana salonjera.

“Palibe zokambirana apa,” anatero amalume. “Mwana apita ku Yakale. Ine ndinaphunzira kumeneko. Ukamalowa, mwanawe, umadutsa pakati pa mitengo italiitali, mphepo ikuimba m'mwamba. Kenako umafika pakhonde lalitali la zipilala zoyera, ndipo kumapeto kwake kuli laibulale. Fungo la laibulale ija ndayenda nalo mayiko onse. Ndalowa m'nyumba za mabuku zoti munthu umasochera m'katimo, koma palibe imene inandigwira mtima ngati ija. Ndipo ife sitinkasankha sukulu ayi. Ife tinkasankhidwa. Dzina lako likatuluka, anthu ankabwera kudzakuona ngati wabadwa kachiwiri. Lero mwana wa dzulodzuloli azisankha sukulu ngati akusankha tomato?”

Amayi anachotsa phazi pachopondera.

“Ine ndilibe sukulu yoti ndinyadire nayo,” anatero, “koma maso ndili nawo. Ku Yakumsika ndimadutsako ndikamakagula ulusi. Mpanda wake wagundana ndi mabenchi a ogulitsa nsapato. Mphunzitsi akuti tsegulani mabuku, panja wina akukuwa kuti watsitsa mtengo. Mwana akangotuluka pageti, kondakitala wamuimbira kale likhweru. Ndasokapo mayunifolomu a kumeneko, ndipo ena anabwera nawonso chaka chisanathe kuti ndiwakulitse pamimba. Ukundimva, iwe? Sindikufuna kudzasoka yako kawiri.”

Nabwanji anatola kansalu pansi, n'kukazunguliza pachala.

“Amalume, chibwerereni mwapitako ku Yakale?”

“Munthu sapita kukaona ngati phiri likadalipo.”

“Nanga bwanji tikaone zonse ziwiri?”

“Wayambatu,” anatero amayi.

Koma amalume anaseka. “Musiyeni, achemwali. Mawa ndimutenga. Akaone ndi maso ake, ndipo chimene anene pobwera ndicho tikalembetse. Ndanena ine malume wake.”

“Mwalonjezatu pamaso pa mwana, achimwene.”

“Ndalonjeza. Ndani angaone Yakale n'kufunanso china?”

2. Kumtunda

M'mawa anakwera minibasi. Amalume anavala jekete ndi tayi ngakhale dzuwa linali litayamba kale kuluma, ndipo ananyamula ambulera yawo yakuda imene sankaisiya. Anauza kondakitala kuti, “Ku Yakale,” ndipo anadabwa kuona minibasi ikukhotera kumtunda, kunja kwa tauni.

“Njira zasintha,” anang'ung'udza. “Chilichonse achisuntha.”

Atatsika, Nabwanji anangoti kakasi. Geti linali lachitsulo, lalitali kuposa nyumba yawo. M'kati munali nyumba zosanjikiza, mawindo ake akuthwanima, kapinga atametedwa ngati mutu wa msilikali. Kunali zii. Munthu ankamva choko chikulira pabolodi ali panja.

Anawalandira ndi wachiwiri kwa ahedi, bambo wachinyamata wa nsapato zopukutidwa bwino. Anawakweza masitepe mpaka pamwamba penipeni. Nabwanji anali asanakwerepo masitepe a sukulu. Atayang'ana pawindo, anaona tauni yonse ili pansi pa mapazi ake, madenga akunyezimira ngati nsalu yoyala patebulo la amayi.

“Mayo ine,” ananong'ona. “Ana a kuno amaona zimenezi tsiku lililonse?”

“Amazolowera,” anatero aphunzitsiwo.

Kenako anawalowetsa m'chipinda cha sayansi. Munali makabati agalasi, okhomedwa ndi maloko ang'onoang'ono, odzaza ndi zipangizo zimene Nabwanji ankangoziona pazithunzi. Anayandikira mpaka mpweya wake unachita nkhungu pagalasi.

“Pepani aphunzitsi, galasi lamakona atatuli n'lachiyani?”

“Udzadziwa ukadzafika fomu yachitatu.”

“Nanga bwanji lili ndi makona atatu?”

Aphunzitsi anamwetulira, osati mwankhanza ayi. “Pano, mtsikana, funso lililonse lili ndi nthawi yake. N'chifukwa chake ana athu amakhoza. Chaka chatha analephera ndi ochepa kwambiri.”

Nthawi yonseyi amalume sanali kumvetsera. Ankasuzumira pawindo ili, n'kupita pawindo lina, ngati munthu amene wataya chipewa.

“Mundikhululukire, aphunzitsi,” anatero pomaliza. “Mitengo ija munadula liti? Nanga khonde la zipilala munaligwetseranji?”

“Sitinagwetse kanthu, bambo. Kuno kunali tchire. Sukulu inasamukira kuno ine ndili mwana. Anabwera ndi dzina, belu, zikho za mpira ndi mabuku. M'nyumba zakalezo boma linatsegulamo sukulu ina.”

“Sukulu iti?”

“Ija ili pamsika ija.”

Amalume anakhala pansi pasitepe, jekete yawo yabwino ija ikupukuta fumbi.

“Ndiye kuti Yakale ndi yatsopano,” anatero.

“Ndipo Yakumsika ndiye yakale,” anawonjezera Nabwanji.

“Khala chete, iwe.”

Nthawi yomweyo belu linalira. Linali ndi liwu lakuya, lokhalitsa m'makutu. Amalume anadzuka pang'onopang'ono, n'kuima chilili mpaka liwulo litatheratu.

“Ili ndi lomwe lija,” anatero. “Ili lokha sananame.”

3. Pamene panali bwalo la mpira

Amalume ankafuna kubwerera kunyumba. Nabwanji anawakumbutsa kuti anagwirizana kuona zonse ziwiri.

Anatsikira pa depoti ya mabasi. Panali utsi, mahutala, ndi anyamata oitanira akulimbirana chikwama cha mayi wina. Amalume anaima pakati pa zonsezo, n'kutembenukira uku ndi uku. Kenako anagogoda pansi ndi ambulera.

“Pano panali bwalo la mpira. Golo inali apo pali chimbudzi apo.”

“Madala!” anakuwa dalaivala wina. “Ngati mwatopa ndi moyo, kafereni kwina. Sunthani!”

Nabwanji anawakoka dzanja. Anadutsa mzere wa ogulitsa zovala, mzere wa mapoto ndi ndowa, mzere wa mafoni akufa. Mitengo italiitali ija kunalibe. Kunangotsala chitsa chimodzi chachikulu, ndipo pamwamba pake wina anali atayalapo maloko ndi tochi.

Geti la sukulu linali lopanikizika pakati pa benchi ya nsapato ndi shopu yowotcherera zitsulo. Atalowa, amalume anaima njii.

Khonde lija linalipo. Zipilala zinalipo, koma kuyera kunatha kalekale. M'munsi mwake zinali zakuda ndi manja a ana, ndipo chimodzi anachichirikiza ndi mtengo. Amalume anaika chikhatho pa chipilala choyamba monga mmene munthu amagwirira mphumi ya wodwala.

“Taona, mwanawe, ndipo usadzaiwale,” anatero. “Ndikugona m'zipinda zozizira za eni, ndinkadzitonthoza kuti kwathu kuli malo amodzi amene sangasinthe. Ndinkawerenga zipilala izi kuti ndipeze tulo. Anthu a kuno sagwetsa chinthu ayi, chifukwa kugwetsa n'kulemekeza. Amangochivula dzina n'kuchisiya chiime, ngati munthu womuvula malaya pagulu. Ndipo onse amadutsa osatembenuka. Tiye tizipita. Ndaona zokwanira.”

Asanasunthe, kumapeto kwa khonde kunamveka mawu a mayi, akuthwa ngati sizasi.

“Tsekani chitseko!”

Mwana wasukulu anathamangira m'chipinda chomaliza, chitseko n'kutsekeka pambuyo pake.

“Kumeneko ndiye ku laibulale,” anatero amalume. “Akubisamo chiyani masana ano?”

Anafunsa mphepo. Nabwanji anali atafika kale pakati pa khonde.

4. Chipinda chamdima

Chitseko chinatseguka pang'ono. Anasuzumira mayi wamfupi wa magalasi, tsitsi lake lili ndi fumbi la choko. Anali mphunzitsi wa sayansi, ndipo ana a pasukulupo ankawatcha a Tsekani.

“Alendo? Mwabwera kudzaona sukulu? Lowani msanga, mukutithawitsira msika. Tsekani chitseko!”

M'katimo munali mdima wa ndiwe yani. Nabwanji ankangomva kupuma kwa ana ambiri ndi fungo la fumbi. Mawindo onse anali otsekedwa ndi malata, mipata yake atamata ndi makatoni. Pa lata limodzi panali kabowo kamodzi, kakang'ono ngati nsonga ya pensulo, kakuwala ngati nyenyezi.

“Sindikuona kanthu,” anatero Nabwanji.

“Kuona maso a nkhono n'kudekha,” anayankha a Tsekani. “Fulatira kabowoko. Yang'ana khoma.”

Poyamba khomalo linali lotuwa chabe. Kenako linayamba kugwedezeka. Kenako mitundu inatulukira yokha, pang'onopang'ono, ngati nsalu imene ikumwa utoto.

Pansi, pafupi ndi simenti, panali thambo. Mitambo yoyera inkayenda pa mapazi a ana. Pamwamba, chakudenga, panali msika wonse, utalendewera. Mayi wina ankayenda miyendo ili m'mwamba, dengu la tomato lili pansi pa mutu wake, tomato osagwa ngakhale mmodzi. Minibasi inkakwawa kudenga ngati nalimata. Ambulera yofiira inadutsa ngati bwato. Nkhunda zinauluka kuchoka padenga la shopu n'kumira m'thambo la pansi lija, imodzi imodzi, mpaka kutha.

Pakhomapo panalibe phokoso. Anthu ankakangana, ankaseka, ankaitanira malonda, koma onse mwakachetechete, ngati anthu a m'maloto.

Nabwanji anagwira mkono wa amalume ake ndi manja awiri.

“Ndi kanema?” anafunsa.

“Kanema wa chiyani, magetsi a chipinda chino anafa ife tisanabadwe,” anayankha mnyamata wina mumdimamo. Ana onse anaseka.

“Palibe waya, palibe batire,” anatero a Tsekani. “Ndi bowo la msomali basi. Akuba ataswa mawindo tinakhoma malata akale. Tsiku lina ndinatuma mnyamata wina kudzasesa muno, chilango cha kuchedwa. Anatuluka akukuwa kuti muli mizukwa yoyenda chadodolido. Tsache anasiya, nsapato imodzi anasiya. Ndi yemwe wakuyankhayu.”

“Aa, madamu, nkhani imeneyi siidzatha kodi?”

“Idzatha ukadzakhoza mayeso.”

Nabwanji sanaseke nawo. Maso ake anali pa mayi wa tomato uja.

“Bwanji akuyenda chozondoka?”

“Iwe ukuganiza bwanji?”

Nabwanji anatembenukira kumene kunachokera mawuwo. Chibadwire, anthu ankamuyankha, ankamukalipira, kapena ankamuthamangitsa. Palibe amene anali atamubwezerapo funso lake.

“Pita ukatseke kabowoko ndi chala,” anatero a Tsekani.

Ana anamupatsa njira. Anatambasula dzanja, n'kuika chala pakabowo. Lata linali lofunda ndi dzuwa. Pomwepo msika wonse unazima. Mayi uja, minibasi, mitambo, zonse phethi!

Anachotsa chala msanga, ngati wapsa. Zonse zinabwerera. Mayi wa tomato anali atafika kale kumapeto kwa khoma.

“Wazimitsa msika ndi chala chimodzi,” anatero a Tsekani. “Ndiye tiuze, msikawu ukulowera pati?”

“Pakabowo.”

“Minibasi yonse ija? Ndi kondakitala yemwe?”

“Si minibasi ayi.” Nabwanji anapukusa mutu. “Ndi kuwala kwake.”

“Ehe. Tsono kuwala kochokera kumutu kwa munthu, kukadutsa pakabowo, kukagwera pati pakhoma? Kumwamba kapena pansi?”

Nabwanji anayang'ana kabowo, kenako khoma. Ana ena anayamba kunong'onezana yankho, koma a Tsekani anawaletsa. Ndiye mumdimamo munamveka mawu a amalume, otsika, osati aja a pakhonde.

“Tenga ambulerayi. Igwire pakati ndi zala ziwiri. Pamene wagwirapo ndiye pakabowo. Tsopano kweza mbali ya kumsika.”

Nabwanji anakweza. Mbali ya kukhoma inatsika.

“Ooo!” anakuwa. “Za kumwamba zikugwera pansi! Za pansi zikukwera!”

Ana anaomba m'manja, wina n'kuimba likhweru.

“Bambo, ndinu mphunzitsi?” anafunsa a Tsekani.

“Ayi, mayi. Ndinali mwana wa m'chipinda chino.” Amalume anakhosomola. “Apo pakuyenda mitambopo panali mashelefu. Zimenezi ndinaziwerenga koyamba nditakhala pakona iyo, koma sindinakhulupirire. Ndinadzaziona ndi maso nditakula, kutali, pamwamba pa nsanja ina. Tinaima pamzere m'chisanu, atidikiritsa ngati tikukaona mfumu. Ndinatuluka ndikuti, koma eni ake ali ndi nzeru. Ndinkadziwa kuti chinsinsi chake ndi kabowo chabe. Koma sindinaganizepo kuti kabowo ka kwathu kangathenso.”

Anayang'ana khoma nthawi yaitali. Depoti ija imene inadya bwalo lawo la mpira inali pomwepo, italendewera, mabasi ake akuyenda mwaulemu ngati nsomba m'madzi.

“Koma ndi wokongola,” anatero, ngati akuuimba mlandu.

Belu la pamenepo linali chitsulo cha gudumu la galimoto. Litalira, ana anatuluka akuphethira. A Tsekani anaperekeza alendowo mpaka pakhonde, n'kumugwira Nabwanji paphewa.

“Ndakuona maso ako, ndiye ndikuuze zoona,” anatero. “Usanyengeke ndi chipinda chimodzi. Pano kalasi ndi khamu. Buku limodzi mumaliunjikira ngati nyerere pa shuga. Mvula ikagwa timayamba tasuntha madesiki, kenako n'kuphunzira. Msika wauona wokongola pakhomawu, panja uli ndi mano. Chaka chilichonse umandidyera ana, makamaka atsikana ochenjera ngati iwe, amene amaganiza kuti iwo sangapusitsidwe. Amayamba ndi kukwera minibasi ulere, amathera kunyumba. Ku Yakale mpanda udzakusunga. Kuno udzadzisunga wekha. Ukafuna kubwera, ubwere ukudziwa zimenezo. Ukapita kumtunda, sindidzakuona wopusa.”

5. Chimene anene pobwera

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Amayi anali pamakina, akupinda siketi ya kasitomala.

“Mwaiona Yakale yanu, achimwene?”

“Ndaiona kawiri,” anatero amalume, akudziponya pampando. “Dzina ndalipeza kumtunda, mafupa ndawapeza kumsika.”

Atawafotokozera, amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi siketi ya eni ake. Iwo anabwera m'tauniyo atakwatiwa, sukulu itasamuka kale, ndipo za kusamukako sankazidziwa.

“Ndiye dzulo lonse lija mumatamanda sukulu yomwe ine ndimanyoza?”

“Sekani, achemwali. Mtchona amabwera ndi mapu a dziko limene linatha.”

Kenako amalume anatembenukira kwa Nabwanji, nkhope itasintha.

“Tsopano tamvera, mwanawe. Uganiza kuti ndikuuza kuti upite kumsika chifukwa ndapezako zipilala zanga. Ayi. Zipilala sizilemba mayeso. Ine ndataya zaka zambiri ndikukonda nyumba, osadziwa kuti nyumba siikukonda. Usatengere ine. Kumtunda kuli bata, kuli mabuku, kuli aphunzitsi okwanira. Mwana wa telala akapeza khomo lotseguka ngati limenelo, salowera pawindo. Mayi uja ndi mphunzitsi weniweni, sindikana. Koma ndi munthu mmodzi. Mawa akhoza kumusamutsa, akhoza kudwala, wina akhoza kubwera n'kuikamo mawindo atsopano. Udzatsala ndi chiyani? Msika ndi likhweru la kondakitala. Chinthu chodabwitsa chimakoma tsiku loyamba. Sukulu ndi masiku onse otsalawo. Ine ndikuti Yakale. Ndinanena dzulo mosadziwa, lero ndikunena ndikudziwa.”

“Wamva,” anatero amayi, makina akulira. “Tsono nena, tikalembetse mawa.”

Nabwanji anagwada pafupi ndi makinawo.

“Ndasankha Yakumsika.”

Phazi la amayi linachoka pachopondera.

“Wati chiyani?”

“Yakumsika, amayi.”

“Bwanji?”

Funsolo linawatuluka lokha. Amalume anabisa pakamwa ndi dzanja.

“Kumtunda n'kokongola, sindinaonepo,” anatero Nabwanji. “Koma ndinafunsa kawiri, kawiri konse anandiuza kuti ndidikire. Kumsika nditafunsa, madamu aja anandibwezera mafunso, mpaka yankho ndinalipeza ndekha. Akadzawasamutsa madamu aja, msomali ndiudziwa, lata ndilidziwa. Ndikhoza kupanga m'chipinda changa.”

“Ubowole denga langa uone,” anatero amayi. “Achimwene, lankhulani naye mwanayu. Ndi inu munayambitsa.”

Amalume anayang'ana pansi, akuzunguza ambulera pakati pa mawondo.

“Ndalankhula, achemwali, ndipo wandimva. Sindikugwirizana naye. Koma ndinalonjeza pamaso pake. Ndikabweza mawu lero, mawa ndikadzamuchenjeza za chinthu choopsa, adzamvera ndani?”

Amayi anatulutsa siketi ija pamakina. Anadula ulusi ndi mano, n'kuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumawondo.

“Chabwino,” anatero. “Koma tamvetsa. Ukaweruka, phazi lako lilunjike kuno. Minibasi yaulere usakwere, ngakhale mvula ikugwa ya matalala. Munthu akakupatsa kanthu pamsika paja, ngakhale switi, undiuze tsiku lomwelo, ndisamve kwa anthu. Ndipo teremu yoyamba ukabwera ndi malikisi ogwa, usadzandiuze za mitambo yoyenda pansi. Njira wasankha wekha. Minga yake usadzati anakuikira ndi wina.”

“Ndamva, amayi.”

“Imirira ndikuyeze.”

Nabwanji anaimirira, n'kutambasula manja. Amayi anali atangomuzunguliza tepi m'chiuno pamene panjira panalira hutala ya lole.

Anali bambo ake. Ankayendetsa lole ya katundu wopita kutali, ndipo za kukhoza kwa mwana wawo anazimvera pafoni ali pa ulendo. Analowa pageti akuvina, fumbi lili thupi lonse, atanyamula pepala lapulasitiki m'mwamba ngati chikho cha mpira.

“Ali kuti mwana wa ku Yakale?” anakuwa. “Alamu, muli pompano? Mwachita bwino! Madalaivala onse ndawauza, mpaka apolisi a pamsewu akudziwa. Ndinati mwana wanga sangayambe sukulu yapamwamba ngati wamasiye.”

Anang'amba pepalalo. Munali juzi yatsopano yobiriwira, chizindikiro cha Yakale chili pachifuwa.

“Tayesa tione, mama. Bwera!”

Amayi anayang'ana amalume. Amalume anayang'ana ambulera yawo.

Nabwanji anachotsa tepi m'chiuno, n'kuipereka kwa amayi ake. Anakoka mpando, n'kuupukuta ndi dzanja. Juzi ija sanaikhudze.

“Ababa,” anatero, “yambani mwakhala pansi.”